Mwana akufuna kukalowa tonamenti ya makhadi a Pokémon koyamba? Mukonzekeretseni chonchi

Ngati pakhomo panu pali mwana kapena mphwanu amene makhadi a Pokémon amulowelera mpaka wayamba kunena zoti akufuna kukapikisana ku shopu, izi ndikulembera inu. Makamaka inu a kuno ku UK ndi anzathu a ku Joni ndi Cape Town, komwe mashopu a magemu amakhala ndi ma League omwe amakumana sabata ndi sabata. Chomwe ndaona ine kwa ongoyamba kumene ndi chakuti tonamenti yoyamba samaluza chifukwa mdani ndi wanzeru kwambiri ayi, amaluza pa tinthu ting'onoting'ono, dekhi (mulu wa makhadi omwe akusewera nawo) ili ndi khadi losaloledwa, watola khadi lowonjezera osadziwa, nthawi yamuthera ali pakati poganiza, kapena china chasokonekera patebulo iye nkungokhala duu chifukwa akuopa kuitana jaji. Ndiye ntchito yanu yaikulu si kumugulira makhadi odula, ndi kumuphunzitsa manja, pakamwa ndi wotchi.

Tichotse kaye nkhawa ya agogo ndi azakhali amene akangomva mawu oti makhadi amaganiza za juga. Si juga iyi. Palibe kubetcha, ndipo malamulo ake amaletsa zimenezo. Mumalipira kandalama kolowera, pa tonamenti ya pa shopu opambana amalandira mapaketi a makhadi ndi mapointi basi. Gemuyi inayamba ku Japan mu 1996, ya Chingerezi inatuluka mu 1999, ndipo lero ili ndi mipikisano yokhazikika pansi pa dzina loti Play! Pokémon. Pansi penipeni pali League Challenge yomwe shopu imachititsa kamodzi pamwezi, kenako League Cup yomwe ndi yokulirapo, kenako ma Regional, ma International, mpaka World Championships yomwe mu 2022 inachitikira ku ExCeL ku London, 2023 ku Yokohama, 2024 ku Honolulu, 2025 ku Anaheim. Wongoyamba kumene muyambitseni pa League Challenge. Musamutengere ku Regional koyamba ngakhale akulire bwanji, holo ya anthu mazanamazana, maraundi tsiku lonse, mwana amabwerako atafooka nkusiya gemu.

Za mapepala zichiteni msanga, osati m'mawa wa tsikulo muli pamzere foni ikukana netiweki. Wosewera aliyense amafunika Player ID, nambala yomwe imalumikizidwa ku akaunti ya pa webusaiti ya Pokémon, ndipo ngati ndi mwana wamng'ono akauntiyo imadutsa kwa kholo. Nambalayo ilembeni pakapepala muike m'bokosi la dekhi. Osewera amagawidwa patatu, Junior, Senior ndi Masters, kutengera chaka chobadwa, koma muuzeni mwana asadabwe akapezeka wakhala moyang'anizana ndi bambo wa ndevu, pa tonamenti yaing'ono anthu akachepa amawaphatikiza onse, zotsatira zokha ndi zomwe amaziwerenga padera. Imbaninso ku shopu kapena pitani mukafunse zinthu zitatu, akuyamba nthawi yanji, malo akufunika kusungitsiratu kapena ayi, ndipo raundi ndi ya gemu imodzi kapena ya magemu atatu.

Tsopano dekhi, apa mpamene pamagwa ambiri

Dekhi imakhala ndi makhadi 60 ndendende, osati 59, osati 61. Khadi la dzina limodzi lisapose 4, kupatula ma Energy wamba aja, makhadi opatsa Pokémon mphamvu yomenyera, omwe mutha kuika ochuluka mmene mungafunire. Pakhale Basic Pokémon, wa siteji yoyamba, ngakhale mmodzi. Khadi lolembedwa ACE SPEC limaloledwa limodzi lokha m'dekhi yonse, osati limodzi pa mtundu uliwonse ayi, limodzi basi. Izi ana ambiri amazidziwa. Chomwe sadziwa ndi nkhani ya kachilembo kaja. Tengani khadi muyang'ane pansi kumanzere, pali kabokosi kakang'ono kokhala ndi chilembo chimodzi, F, G, H ndi zina zotero. Mipikisano yambiri imaseweredwa mu Standard, ndondomeko yolola makhadi a zilembo zaposachedwa okha, ndipo chaka chilichonse chilembo chakale kwambiri chimachotsedwa, mwachitsanzo mu 2025 makhadi a F anatuluka. Ndiye musadalire zomwe mnzake wa kusukulu anamuuza chaka chatha, lowani pa webusaiti ya Pokémon muone zilembo zomwe zikuloledwa panopa, kenako khalani naye pansi muyale makhadi onse 60 muwaone limodzi limodzi. Khadi lakale limatha kuloledwa ngati linasindikizidwanso ndi chilembo chatsopano pa dzina lomwelo, koma zimenezo kwa wongoyamba ndi bwino kukafunsa jaji wa pa shopu tsiku lisanafike.

Ndiye pali makhadi a feki. Awa ndi ambiri kwabasi, aja a paketi yotchipa pa msika kapena pa intaneti, owala mopitirira, zilembo zopindika, HP ya manambala osamveka. Mwana amawakonda chifukwa amanyezimira koma pa tonamenti saloledwa, ndipo zimawawa kuona mwana akuuzidwa pa tebulo lolembetsa kuti Charizard wake amene amagona naye pafupi si weniweni. Bola amve kwa inu kunyumba. Ngati mukukaika tengani khadi limodzi lomwe mukudziwa kuti linachokera m'paketi yeniyeni muyerekeze kumbuyo kwake ndi kukhuthala kwake, kapena pitani nawo ku shopu akakuonereni, sakana. Makhadi a Chijapani nawonso, ngakhale ali enieni, kuno ndi ku South Africa sangalowe nawo, ngakhale kumbuyo kwake nkosiyana. Zosindikiza pa printa ndi zoyeserera kunyumba basi.

Nanga asewere dekhi iti? Maganizo anga ndi awa, ndipo ena atsutsa, asewere dekhi yomwe akuidziwa osati yomwe yawina tonamenti yaikulu sabata yatha. Pa webusaiti ya Limitless TCG pamakhala ma list a madekhi omwe achita bwino, ndi malo abwino kuphunzirapo, koma dekhi yomwe katswiri wawina nayo nthawi zambiri imafuna kuganiza mateni atatu kutsogolo (teni ndi nthawi yako yosewera), wongoyamba amangosochera nayo. Ngati alibe dekhi yolongosoka njira yachidule ndi kugula League Battle Deck, imabwera yokonzeka ndi makhadi 60, kunatulukapo ya Gardevoir ex, ya Charizard ex, ya Dragapult ex, ingoonetsetsani zilembo zija chifukwa bokosi likhoza kukhala pa shelefu nthawi yaitali makhadi ena atatuluka kale. Mukasankha, tsekani nkhani. Sabata ziwiri zomaliza asasinthenso dekhi. Kusintha khadi limodzi kapena awiri palibe vuto, koma zija zoti usiku wa Lachisanu waonera vidiyo pa YouTube ndiye akufuna kumanga ina, mukanize ndithu.

Muyeseni kuti atchule dekhi yake pamtima, ma Pokémon angati, Boss's Orders angati, Ultra Ball angati, Energy angati. Si zongomuvutitsa, chifukwa chake chikubwera pansipa. Komanso adzafunika kulemba list ya dekhi, pa League Cup ndi kupita m'mwamba imafunika ndithu, pa Challenge funsani okonza. Pamalembedwa dzina la khadi, kuchuluka kwake, ndipo kwa ma Pokémon seti yomwe achokera ndi nambala yake, chifukwa Pikachu alipo wamitundumitundu. Alembe yekha kunyumba modekha, inu muwerengere ngati zikukwana 60, kenako muyerekeze ndi makhadi enieniwo. List ikasiyana ndi dekhi chilango chake chimatha kufika poluza gemu asanaponye khadi limodzi lomwe.

Masilivi, timatumba tapulasitiki tovekera makhadi tija, mugulireni atsopano a mtundu umodzi osaonekera kumbuyo, ndipo otsala asungidwe m'bokosi kuti lina likang'ambika asinthe. Chifukwa chake nchakuti silivi yopindika pakona kapena yokandika imatengedwa ngati khadi loikidwa chizindikiro, jaji sangadziwe ngati mwanayo amachita dala kapena ayi, amangoona kuti ma Energy onse ali m'masilivi otha pomwe ena ali m'atsopano. Atengenso madayisi ang'onoang'ono owerengera damage, tizizindikiro ta Poison ndi Burn, ndi khoini ya Pokémon kapena dayisi imodzi yoonekera mkati yoponyera, nambala za even ndi heads, za odd ndi tails. Kamphasa koyalapo makhadi si kokakamiza koma kamathandiza kutola makhadi patebulo loterera.

Kuyeserera kwenikweni

Ana ambiri masiku ano amaphunzira pa Pokémon TCG Live, apu ija ya pafoni ndi pakompyuta, ndipo ndi yabwino, ndi yaulere, umasewera magemu ambiri pa nthawi yochepa. Koma vuto lake ndi lakuti imakuchitira chilichonse. Imashafula yokha, imakutolera khadi teni ikayamba, imawerengera Weakness (kuchulukitsa damage kwa Pokémon wofooka pa mtundu wa womenyayo), imakukaniza kuponya Supporter wachiwiri (makhadi a mtundu umenewu amaloledwa limodzi pa teni), imakukumbutsa kutenga Prize, khadi lomwe umatenga ukagwetsa Pokémon wa mdani. Patebulo palibe zimenezo. Ndiye mwana amene pa apu ndi chilombo amafika patebulo nkuiwala kutola khadi, kapena kuika Energy kawiri pa teni imodzi osazindikira nkomwe. Choncho masabata omaliza asewere ndi makhadi enieni, patebulo, ndi munthu. Ngati inu simudziwa kusewera phunzirani pang'ono, kapena mupite naye ku League masiku wamba, kumeneko anthu amakhala omasuka kuphunzitsa.

Yambani ndi kayambidwe ka gemu mpaka kalowe m'manja. Moni kwa mnzake, kuponya khoini kapena dayisi, wopata ndi amene amasankha kuti ayambe kusewera ndani, ndipo izi zimachitika asanaone makhadi. Kushafula bwinobwino, kenako kupereka dekhi kwa mdani kuti adule kapena ashafulenso, nayenso kuchita chimodzimodzi ndi ya mnzakeyo. Kutola 7. Kuika Basic chafufumimba kutsogolo, ena pa benchi, mzere wa kumbuyo wa odikira, benchi imatenga 5. Kenako ma Prize 6 pambali. Ma Prize amenewa ongoyamba amaiwala kuika kawirikawiri chifukwa cha phuma, ndipo zikadziwika gemu ili pakati zimakhala zovuta kukonza, ndiye muphunzitseni kuti asatembenuze khadi lililonse asanawerenge mokweza, wanu, thuu, mpaka sikisi. Akapanda kupeza Basic m'makhadi 7 aja aonetse mdani dzanja lonse, abwezere, ashafule, atolenso, ndipo mdaniyo amaloledwa kutola khadi limodzi lowonjezera pa ulendo uliwonse umene izi zachitika. Woyamba kusewera pa teni yake yoyamba saukira komanso saponya Supporter.

Kushafula nako ndi luso, muone mmene akuchitira. Kuyala makhadi m'timilu sikisi kuja ndi kuwerenga chabe, sikusakaniza, ndipo kumadya nthawi. Aphunzire kugawa dekhi pawiri nkulowetsa mbali ina mwa inzake kangapo, makhadi akuyang'ana pansi, maso ake ali kwina. Manja a mwana wa zaka 8 ndi aang'ono, makhadi 60 ovekedwa masilivi amamwazika, ndiye ayeserere madzulo akuonera TV mpaka zizolowereke.

Chachiwiri ndipo kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse, azilankhula chilichonse chomwe akuchita. Kwathu mwana wabwino ndi wofatsa, sayankhula pamaso pa akulu, koma patebulo la tonamenti kufatsa kumeneko kumamupweteka. Azinena kuti ndatola, ndikuponya Ultra Ball, ndataya awa awiri, ndatenga uyu, nkumuonetsa mdani, ndashafula, dulani. Ndaika Energy apa. Supporter wanga ndi Professor's Research, ndataya dzanja, ndikutola 7, nkuwerenga mokweza poika makhadiwo chafufumimba patebulo kaye asanawaone. Kachizolowezi kameneka kokha kamapulumutsa anthu ambiri, chifukwa makhadi a masilivi atsopano amamatana, ukatola 8 m'malo mwa 7 nkuwasakaniza ndi dzanja basi walakwa kale, pomwe akadali patebulo chafufumimba lowonjezeralo umangolibwezera jaji ataona. Pomenya atchule dzina la attack ndi damage yake, 180, Weakness kawiri, 360, wagwa, ndikutenga ma Prize awiri. Pokémon wamba amapereka Prize imodzi, wa ex awiri, ma Mega Evolution ex atsopanowa atatu.

Poyeserera kunyumba inu muzichita dala zolakwika kuti muone ngati agwira. Ponyani Supporter wachiwiri mwakachetechete. Sinthani Pokémon kukhala wa siteji yotsatira pa teni yomweyo mwamuika. Iwalani kuika damage ya Poison pakati pa mateni. Akangoti "ankolo mwaponya kale Supporter" muyamikireni kwambiri, akapanda kuona imitsani gemu mumufunse kuti chalakwika nchiyani apa. Pa tonamenti osewera onse awiri ali ndi udindo woonetsetsa kuti gemu ikuyenda molondola, ndiye ngakhale wolakwa ndi mdani, iyenso akhoza kuchenjezedwa chifukwa chongoyang'ana. Kanzeru kena kothandiza, Supporter amene waponya amuike chopingasa pa mulu wa zotaya mpaka teni ithe kuti onse aziona.

Chija ndinati aloweze dekhi pamtima, nachi chifukwa chake. Ma Prize 6 aja amachoka m'dekhi yake yomwe osawaona, ndiye khadi lomwe akulidalira likhoza kukhala litagona mmenemo. Ulendo woyamba akamafufuza m'dekhi, tinene waponya Ultra Ball, aone mwachangu zomwe zikusowa. Ngati ali ndi Boss's Orders atatu koma m'dekhi akuonamo mmodzi ndipo m'manja mulibe, awiri ali ku ma Prize, asapange pulani yodalira iwowo. Wongoyamba asayese kuwerenga makhadi onse, atha mphindi zambiri mdani nkuitana jaji, angosankha makhadi anayi kapena asanu ofunika kwambiri, womenya wamkulu, Rare Candy ngati dekhi yake ndi ya Stage 2, Boss, ndi ma Energy.

Wotchi

Pa League Challenge nthawi zambiri raundi imakhala gemu imodzi ya mphindi 30, pa mipikisano ikuluikulu ndi magemu atatu wopambana awiri, mphindi 50. Kunyumba mphindi 30 zimaoneka zambiri koma patebulo zimauluka. Tcherani alamu pafoni muike poti sakuiona, muzisewera. Nthawi ikatha jaji amalengeza, amene ali pa teni amamaliza, kenako pamakhala mateni owonjezera monga mwa malamulo, ndipo ngati palibe wapambana imakhala dulo. Kuwina ndi mapointi 3, dulo 1, kuluza 0, ndiye dulo ili pafupi ndi kuluza kusiyana ndi kuwina, mwana wochedwa kuganiza amatha tsiku lonse ndi madulo okhaokha. Mankhwala ake ndi kuganiza pa teni ya mdani, osati kumangoyang'ana kudenga kudikira. Ndipo ngati mdani ndi amene akuchedwetsa, kushafula kosatha, kuwerenga mulu wa zotaya kambirimbiri, asakangane naye, aitane jaji aone.

Pa magemu atatu pali nzeru ina yomwe ana amaikana poyamba, ngati gemu yoyamba yaonekeratu kuti yapita, kuvomera msanga nkuyamba yachiwiri kumasunga nthawi. Koma pa gemu imodzi asagonje msanga, kuwina kuli njira zitatu, kutenga ma Prize onse, kugwetsa ma Pokémon onse a mdani osatsala ndi mmodzi yemwe pabwalo, kapena mdani kupezeka alibe khadi loti atole teni yake ikamayamba. Yachitatuyi imachitika ndithu kwa anthu okonda kutola makhadi ambiri, ndiye aziyang'ananso kukula kwa dekhi yake.

Jaji si wapolisi

Apa khalani naye pansi mulankhule bwinobwino. Chilichonse chikasokonekera, khadi lagwa pansi laoneka, watola owonjezera, sakumvetsa zomwe khadi la mdani likunena, akusiyana pa damage, asiye chilichonse mmene chilili, akweze dzanja, anene mokweza kuti "Judge!" nkusiya dzanjalo m'mwamba mpaka afike. Asayese kukonza okha ndi mdani, ndipo asalole mdani wamkulu kumuuza kuti usadandaule tingopanga chonchi. Mwina munthuyo akunena zoona mwina ayi, woweruza ndi jaji. Muyeserere ngakhale izi kunyumba, inde kukweza dzanja ndi kufuula komwe, chifukwa mwana wamanyazi mawu amenewa satuluka tsiku loyamba ngati sanawatulutsepo.

Jaji akafika afotokoze zomwe zachitika mwa ndondomeko, zoona zokhazokha, ngakhale wolakwa ndi iyeyo. Zilango zimayamba ndi Caution ndi Warning zomwe ndi machenjezo chabe, kenako pali chija ma Prize omwe mdani ayenera kutenga kuti awine amachepetsedwa ndi awiri, kenako kuluza gemu, ndipo pamapeto penipeni kuchotsedwa mu tonamenti. Kulakwitsa mwangozi kawirikawiri kumathera ku zoyambirirazo, makamaka pa tonamenti ya pa shopu pomwe majaji amadziwa kuti anthu akuphunzira. Koma kunama kwa jaji ndi kumene kumachotsetsa munthu. Ngati sakugwirizana ndi chigamulo ali ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti Head Judge aonenso, ndipo zomwe wanena ameneyo ndi zomaliza.

Pali zinthu ziwiri zomwe ana amachita mosadziwa koma ndi milandu yaikulu. Kuuza mnzake kuti ndipatse wini ndikupatsa paketi, kapena kuvomera zoterozo, chimenecho ndi chiphuphu. Ndi kunena kuti nthawi yatha tiyeni tingoponya khoini wopata ndiye wawina, nazonso nzoletsedwa. Kugwirizana dulo kapena kugonja mwa kufuna kwako nkololedwa, bola pasakhale cholipirana kapena mayere. Wina akamuuza zotere ayankhe kuti ayi nkuitana jaji.

Ndipo inu a kholo, malamulo akukhudzani. Gemu ikayamba ndinu woonerera, simulankhula, simukodola, simutsokomola mwadala mwana akafuna kuponya khadi lolakwika, ndipo kumunong'oneza m'Chichewa poganiza kuti azunguwa samva ndi kumuika m'mavuto mwana wanu yemwe, jaji safunika kumva chilankhulo kuti adziwe kuti mukumuuzira. Mukaona cholakwika patebulo pitani mukauze jaji chapansipansi. Kunena zoona ana ambiri amasewera bwino kholo likakhala patali, pitani mukamwe tiyi pafupi muzibwera pakati pa maraundi.

Tsiku lenilenilo

Agone msanga, adye m'mawa, mufike mphindi 30 isanakwane nthawi. M'chikwama mukhale dekhi, list, madayisi, cholembera, botolo la madzi ndi kachakudya kosathimbiriza manja, osati tchipisi ta mafuta kenako nkugwira makhadi a eni ake. Bainda ya makhadi ake odula isiyeni kunyumba ulendo woyamba, imasokoneza maganizo, imatha kusowa, komanso ana ongoyamba amapusitsidwa posinthana makhadi chifukwa sadziwa mitengo. Ngati akufunitsitsa kusinthana, lamulo likhale loti afunse kaye inu kapena wa pa shopu. Chikwama chizikhala pakati pa miyendo nthawi zonse, foni m'thumba, siloledwa patebulo gemu ili mkati. Ku toileti apite raundi isanayambe chifukwa kuchedwa kufika patebulo nako kuli ndi chilango.

Mufotokozereni mmene Swiss imayendera chifukwa ana ambiri amaganiza kuti ukaluza kamodzi basi wapita kunyumba ngati chikho cha mpira. Ayi, aliyense amasewera maraundi onse, kuchuluka kwake kumatengera anthu omwe abwera, ndipo raundi iliyonse umakumana ndi munthu amene zotsatira zake zikufanana ndi zako. Ndiye akaluza ziwiri zoyamba, yachitatu akumana ndi mnzake amene naye waluza ziwiri, gemu zimayamba kukhala zofanana mphamvu. Anthu akakhala osakwana awiriawiri mmodzi amapuma raundiyo nkupatsidwa wini yaulere. Maina akaikidwa pakhoma kapena pa sikirini apeze dzina lake ndi nambala ya tebulo, afunse dzina la amene wakhala naye kuti atsimikize kuti ndi yemweyo. Gemu ikatha aone kapepala ka zotsatira asanasaine, kuti wachongedwa ndi amene wawinadi, anthu amasainira zolakwika chifukwa cha chisangalalo kapena mkwiyo ndipo kukonza pambuyo nkovuta. Kenako awerenge makhadi ake ngati ali 60 asanachoke patebulo, makamaka Stadium yomwe imakhala pakati ndi ma Prize otsala, amenewa ndi omwe amapita ndi dekhi ya mdani. Ngati watopa akufuna kusiyira panjira nzololedwa, koma auze okonza, osangosowa.

Pakati pa maraundi musamufunse kuti wawina? Nkhope yake ikuuzani kale. Mupatseni madzi, ngati akufuna kufotokoza mvetserani, ngati sakufuna musiyeni. Kulira kumachitika, makamaka kwa ma Junior, tulukani naye panja pang'ono abwerere raundi yotsatira. Cholinga chomwe ine ndimapatsa wongoyamba sichikhala cha mawini, ndimati umalize maraundi onse, ulankhule teni iliyonse mokweza, ndipo ukakaika uitane jaji. Zimenezi zili m'manja mwake, pomwe kutola dzanja loipa kapena kukumana ndi dekhi yomwe imadya yake sizili m'manja mwake.

Chinthu chimodzi chomwe ana amachita manyazi nacho koma chimapindulitsa, akaluza kwa wosewera wodziwa, atagwirana chanza nkusaina, amufunse kuti mukanakhala inu pa dekhi yangayi mukanachita chiyani mosiyana. Ambiri amayankha mosangalala ngati nthawi ilipo, ena mpaka amayala dekhi ya mwanayo patebulo nkumuonetsa makhadi awiri atatu oti achotse ndi oti aikemo. Zomwe wauzidwazo alembe pakapepala pompo, kusinthako akachitire kunyumba tonamenti itatha, chifukwa dekhi yomwe walembetsa siisinthidwa mpaka raundi yomaliza. Musanatuluke mu shopu funsani tsiku la Challenge ya mwezi wotsatira mulembetseretu.